Funsani Amisiri: Kabodi Kanga Kakutentha, Kodi Kapsa?

Makalata a mwezi uno ambiri achokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo pafupifupi onse akudandaula chinthu chimodzi. Timabodi toyendetsera makina ta Arduino, ESP32 ndi Raspberry Pi Pico tomwe anthu ayamba kuyika pa mapampu, pa matanki ndi pa makina oswetsera mazira tikutentha, eni ake akuopa kuti tipsa. Tasankhapo makalata asanu ndi limodzi, amisiri athu a zamagetsi ayankha.

Funso: Ndine wophunzira, ndimakhala ku Goliati m'boma la Thyolo. Ndangoyamba kumene kuphunzira Arduino Uno. Ndikagwira chipi chachikulu chija ndimamva kuti chafunda pang'ono. Kodi microcontroller, yomwe ndi chipi chimenechi, imayenera kutentha kufika pati, ndipo ndingadziwe bwanji kuti yadutsa malire?

Yankho: Achimwene, kufunda komwe mukumvako si vuto. Chipi cha pa Uno ndi ATmega328P, ndipo datasheet yake, chikalata cha opanga ake, imati chimagwira ntchito bwinobwino mpweya wochizungulira ukakhala pakati pa -40°C ndi 85°C. Kuno kwathu ngakhale mu Okutobala, dzuwa litaswa mtengo, pamthunzi sipafika ngakhale pafupi ndi pamenepo.

Opanga zipangizozi amazigawa m'magulu. Zomwe zimapita m'mawayilesi ndi m'zipangizo za m'nyumba zimakhala za 0 mpaka 70°C, za m'mafakitale ndi za -40 mpaka 85°C, pomwe za m'magalimoto zimafika 125°C. Gulu lake limalembedwa pa msana pa chipicho, kungoti ambiri sawerenga zilembo zakumapeto. ATmega328P-PU ndi ya 85°C, pomwe ATmega328P-PN imafika 105°C. Pa STM32F103C8T6, yomwe ili pa kabodi kabuluu kotchedwa Blue Pill, nambala 6 yomalizayo ikutanthauza 85°C, ikanakhala 7 bwenzi ili ya 105°C. Pa PIC muyang'ane chilembo: I ndi 85°C, E ndi 125°C. Kabodi ka Pico opanga ake anakaikira malire a -20 mpaka 85°C.

Muzisamala powerenga manambalawa, chifukwa mu datasheet mumakhala atatu ndipo anthu amawasokoneza. Pali kutentha kwa mpweya wozungulira, komwe ndi komwe tatchulaku. Pali kutentha kwa mkati mwenimweni mwa chipi, komwe nthawi zonse kumaposa kwa kunja. Ndiye pali kutentha komwe chipi chingapirire chili chozimitsa m'sitolo, komwe pa ATmega328P kumafika 150°C. Wina akawona 150 ameneyu amaganiza kuti chipi chake chingayendere pamenepo. Ayi ndithu.

Tsopano tiwerengere limodzi. ATmega328P ikamayenda pa 16 MHz ndi 5V imadya karenti yosaposa 15 mA ngati miyendo yake sikukoka katundu wolemera. Mukachulukitsa 5V ndi 0.015 A mupeza 0.075 W. Mphamvu yochepa choncho singakweze kutentha kwa chipi ndi madigiri oposa ochepa chabe. Ndiye chipi chimenechi chikakhala bwino chimangomveka ngati chofunda pang'ono, mwinanso osamveka n'komwe.

Chala chanu ndi chipangizo choyezera chokwanira poyamba. Zimitsani chilichonse cha 230V chomwe chili pafupi, gwirani kaye chitsulo kuti magetsi a m'thupi achoke, kenako ikani chala pa chipi. Mukatha kukhalitsapo osavutika, muli pansi pa 50°C. Mukachotsa msanga musanawerenge kufika 5, mwafika cha m'ma 60°C kapena kuposa. Madigiri 60 sapha chipi, koma pa ATmega ndi chizindikiro choti penapake karenti ikudutsa mosayenera, ndipo muyenera kuzimitsa n'kufufuza. Mukafuna nambala yeniyeni, multimeter zambiri zimabwera ndi kawaya ka thermocouple ya mtundu wa K, mumangokamata pa chipi ndi tepi n'kudikira mphindi ziwiri.

Funso: Ndimalima tomato ndi kabichi kudimba cha ku Nkando, Mulanje. Mwana wa mlongo wanga anandimangira Arduino Uno yoyatsa ndi kuzimitsa pampu. Ili ndi ma relay awiri (ma switch oyatsidwa ndi magetsi) ndi kasikirini ka LCD, ndipo imatenga magetsi kuchokera pa batire la sola la 12V. M'mawa imayenda bwino, koma ikamakwana 11 koloko imayamba kuzima n'kuyakanso yokha, ndipo pafupi ndi polowera magetsi pamawotcha moti simungagwire. Kodi chipi chafooka ndi dzuwa?

Yankho: Bambo, chipi chanu chilibe mlandu. Chomwe chikuwotcha ndi kachinthu kakuda ka miyendo itatu kokhala ndi kaphiko kachitsulo, pafupi ndi polowetsera magetsi. Dzina lake ndi regulator, pa Uno yeniyeni imakhala NCP1117 ndipo pa zokopera zambiri imakhala AMS1117. Mwa makalata onse omwe amati Arduino ikutentha, ochuluka wolakwa amakhala ameneyu, ndiye tikhalitsapo pang'ono.

Ntchito ya regulator ndi kutsitsa magetsi kufika pa 5V. Koma ya mtundu umenewu simasunga zotsalazo, imazisandutsa moto. Masamu ake ndi osavuta: chotsani 5 pa magetsi omwe akulowa, zotsalazo muchulukitse ndi karenti yomwe zipangizo zanu zonse zikukoka.

Batire lomwe timalitcha la 12V silikhala pa 12V tsiku lonse. M'mawa limakhala cha pa 12.4V. Dzuwa likakwera, sola n'kuyamba kulitchaja mwamphamvu, limafika 14.4V. N'chifukwa chake vuto lanu limasunga nthawi ngati tambala. Kumbali ya karenti, Uno payokha imakoka pafupifupi 50 mA, relay iliyonse ya 5V ikayaka imakoka pafupifupi 70 mA, ndiye awiri ndi 140 mA, ndipo LCD ndi nyali yake tiyerekeze 30 mA. Zonse pamodzi ndi 220 mA. Masana regulator imataya 9.4V, ndipo 9.4 kuchulukitsa ndi 0.22 ndi kupitirira pang'ono 2 W. Ma watt awiri pa kachinthu kochepa ngati nyemba!

Regulator ya msinkhu umenewu imakwera madigiri pakati pa 50 ndi 90 pa watt iliyonse, kutengera kukula kwa kopa yomwe yamatidwapo. Titenge 70 wapakati. Ndiye kuti mkati mwake mukuwonjezeka madigiri 140 pamwamba pa 35 a m'bokosi lanu, zomwe zikutifikitsa pa 175°C. Apa ndi pomwe chitetezo cha mkati mwake chimadula magetsi. Ikadula, Arduino imazima, ma relay amasiya, regulator imazizira, n'kuyatsanso, zonse n'kuyambiranso. Kuzimazima komwe mukuwonako ndi regulator ikudzipulumutsa. Choopsa n'chakuti AMS1117 malire ake enieni ndi 15V, ndipo 14.4V ili pakhomo penipeni. Tsiku lomwe idzatope ikhoza kufa motsegula njira, magetsi onse a batire n'kulowa mu chipi chomwe sichipirira kuposa 6V. Pamenepo mudzataya bodi yonse ndi LCD yomwe.

Mankhwala ake ndi kusiya kutsitsa magetsi ndi moto. Gulani kabodi kotchedwa buck converter, ka LM2596 ndi komwe kamapezeka kwambiri m'masitolo a zamagetsi ku Limbe ndi ku Blantyre. Kameneka kamatsitsa magetsi podula ndi kulumikiza mothamanga kwambiri, moti pa katundu wanu yemweyo kangataye 0.3 W yokha. Kalumikizeni kaye ku batire kokha, Arduino isanalowepo. Ikani multimeter kotulukira, muzungulize kasikuluwu ka mkuwa ka pa kabokosi kabuluu mpaka mita iwerenge 5.0V. Musadabwe mukazunguliza maulendo khumi osawona kusintha, kamayamba kumva mochedwa. Mukatero tengani 5V imeneyo mupereke ku mwendo wolembedwa 5V pa Arduino, osati Vin, ndipo ma relay atenge magetsi awo molunjika kuchokera pa buck converter, osadzera pa Arduino. Mawaya onse a GND, omwe ndi a -, akumane pamodzi. Pa waya wochokera ku batire ikanipo fyuzi ya 1 A. Mukafuna kulowetsa pulogalamu kudzera pa USB, chotsani kaye waya wa 5V uja kuti magetsi awiri asalimbane.

Ngati LM2596 yasowa, pali njira ya pafupi yomwe ambiri saiganizira. Chaja ya foni ya m'galimoto, ija yolowetsa poyatsira fodya, mkati mwake ndi buck converter yomweyi, yotulutsa 5V kale. Lumikizani nsonga yake ku + ya batire, timapiko ta m'mbali ku -, ndipo Arduino muipatse magetsi kudzera pa chingwe cha USB. Yezani kaye ndi mita musanakhulupirire, chifukwa zina zotchipa zimanama. Ma relay apa ndi bwino atenge magetsi pa khomo lachiwiri la chajayo.

Chomwe sitikulimbikitsani ndi kumata chitsulo pa regulator kapena kuyikapo fani. Zimachedwetsa imfa chabe, komanso batire lanu likhala likuthera kutenthetsa mpweya.

Funso: Ndimakonza mawayilesi ndi ma TV pa Chitakale. Kasitomala wabweretsa Arduino Nano yomwe IC yake yeniyeniyo (chipi), osati regulator, ikuwotcha chala pakangopita masekondi ochepa. Pulogalamu ikuyendabe koma nthawi zina imaima. Ndiyikepo heat sink, chitsulo choziziritsira?

Yankho: Ayi amisiri, heat sink isungeni ya amplifaya. IC ya amplifaya inapangidwa kuti izitentha pogwira ntchito, koma microcontroller ngati imeneyi ikawotcha ndiye kuti yavulala kapena ikuvulazidwa. Kuyikapo chitsulo kuli ngati kuphimba chilonda ndi nsanza.

Yambani ndi kuyeza mwendo wa 5V bodi ili yoyaka. Mukapeza kuposa 5.5V, regulator yafa ndipo ndi yomwe ikuphika IC. Ngati 5V ili bwino, zimitsani, chotsani waya aliyense wa kasitomala kuti Nano itsale yokha, muyike mita pa mA pakati pa magetsi ndi bodi. Nano yabwino yopanda katundu imakoka pakati pa 20 ndi 30 mA. Ikakoka 100 mA kapena kuposa ili yokhayokha, mkati mwa IC muli shoti ndipo palibe chokonza. Zoti pulogalamu ikuyendabe zisakunamizeni, nthawi zambiri pamafa mwendo umodzi kapena iwiri, ubongo wake n'kumayendabe kwa masiku angapo. Pa Uno ya chipi chachitali cha miyendo 28 mumangozula n'kuyika china chokhala kale ndi bootloader (kapulogalamu kolandirira mapulogalamu ena), kuyang'anitsitsa kuti kamphako kali kumutu kaloze komwe kanaloza koyambako. Mukachitembenuza chimawotcha nthawi yomweyo. Pa Nano chipicho ndi chomatirira, kugula bodi ina kumatchipa kuposa nthawi yanu.

Ikakhala kuti yokha ili bwino, bwezerani mawaya mmodzimmodzi maso ali pa mita. Waya yemwe adumphitse karenti ndiye mwini mlandu. Zomwe timayembekezera kuti mupeza ndi izi. Mwendo uliwonse wa ATmega328P malire ake enieni ndi 40 mA, ndipo mwanzeru musapyole 20 mA, pomwe chipi chonse sichiyenera kudutsa 200 mA. Anthu amalumikiza LED popanda resistor, pomwe 220 ohm ikanasunga karenti cha pa 14 mA. Ena amalumikiza kamota, buzzer yaikulu kapena koyilo ya relay molunjika pa mwendo. Zoterezi zimafuna transistor pakati, monga 2N2222 yokhala ndi 1k ku base, kapena MOSFET ya IRLZ44N ngati katundu ndi wolemera, ndipo pa koyilo iliyonse payikidwe diode ya 1N4007 chotembenuza, mzere wake uloze ku +. Popanda diode imeneyi koyilo ikamazima imabweza magetsi okwera kwambiri.

Muwonenso pulogalamu. Cholakwika chofala ndi kulemba OUTPUT pa mwendo womwe pali batani lopita ku GND. Mwendowo ukakhala HIGH, munthu akangodina batani wapanga shoti kudzera mkati mwa chipi. Pa batani payenera kukhala INPUT_PULLUP. Chinanso ndi sensa ya 12V yomwe ikubweza magetsi ake ku mwendo. Magetsi akadutsa a chipi ndi theka la volt, timadiode ta chitetezo ta mkati timayamba kunyamula karenti, ndipo zikafika poipa chipi chimagwidwa ndi vuto lotchedwa latch-up: njira imatseguka mkati pakati pa + ndi GND n'kukhala choncho mpaka mutadula magetsi. Mukadula msanga chimatha kupulumuka.

Poti inu mumagwira soldering iron tsiku lililonse, tingokukumbutsani kuti madontho a soda (solder) pakati pa miyendo iwiri ya Nano ndi ovuta kuwawona. Yang'anani ndi galasi lokulitsa.

Funso: Ndimaweta nkhuku ku Bvumbwe ndipo ndili ndi makina oswetsera mazira omwe amayendetsedwa ndi ESP32, amanditumizira uthenga pa foni kudzera pa WiFi. Kachitsulo ka pamwamba pake kamakhala kofunda nthawi zonse, ndipo mwana wanga atafunsa chipicho kutentha kwake chinayankha 53.3°C osasinthasintha. Chinanso, thermometer ya kuchipatala ndikayika pa mazira imawerenga zotsika kuposa zomwe makina akunena. Cholakwika n'chiyani?

Yankho: Mayi, nkhani zili ziwiri apa, ndipo yachiwiriyo ndi yomwe ingakuwonongereni mazira.

Yoyamba ndi yosadetsa nkhawa. ESP32 si ATmega, ili ndi wayilesi mkati. Ikamamvera WiFi imakoka pafupifupi 100 mA, ndipo potumiza imadumphira mpaka 240 mA. Kachitsulo kake kukhala pa 40 kapena 50°C ndi khalidwe lake, ndipo ma module wamba a ESP32-WROOM-32 amapirira mpweya wa 85°C. Nambala ya 53.3 ija isakuvuteni. Pa ESP32 yoyambirira kasensa ka mkati ndi kosadalirika, ndipo kakalephera kuwerenga kamangobweza 128 wa Fahrenheit, yemwe ndi 53.3°C. Masensa a mkati mwa zipi onse ndi ongoyerekeza: ka mu ATmega328P kamatha kuphonya ndi madigiri 10, ka mu Pico kali bwinoko koma nakonso kamayeza chipi, osati chipinda. Mukafuna kuti ESP32 izizireko, mwana wanu atsitse liwiro lake kuchoka pa 240 MHz kufika pa 80 MHz ndi setCpuFrequencyMhz(80), WiFi imayendabe. Aonetsetsenso kuti ikulandira 5V kuchokera pa chaja yotha kupereka 500 mA kapena kuposa. Osaipatsa 12V pa VIN, chifukwa regulator yake ya 3.3V ingawotche monga tafotokozera bambo a ku Nkando. Miyendo ya ESP32 ndi ya 3.3V, sensa yotulutsa 5V iyenera kudzera pa ma resistor awiri, 1k ndi 2k, isanafike pa mwendo.

Yachiwiri: tikukayikira kuti bodi ndi sensa yoyezera mazira zili pamodzi mkati mwa makina. Ngati zili choncho, sensayo ikuwotha moto wa ESP32. Ikumva 37.5°C pomwe mazira ali pa 35 kapena 36, n'kuzimitsa chotenthetsera nthawi isanakwane. Mazira a nkhuku amafuna pafupifupi 37.5°C kwa masiku 21, ndipo kutsika ndi digiri imodzi kapena ziwiri kumachedwetsa kuswa n'kufooketsa anapiye. Tulutsani bodi ikhale kunja kwa makina, m'kabokosi kake. Mkati mulowe sensa yokha pa chingwe, ndipo ikhale pa msinkhu wa pamwamba pa mazira, kutali ndi babu kapena chotenthetsera. DS18B20 ya m'kachubu kachitsulo ndi yabwino pa ntchitoyi, imafuna resistor ya 4.7k pakati pa waya wa data ndi 3.3V, ndipo imaphonya ndi theka la digiri basi. Ngakhale zili choncho ifanizeni ndi thermometer yanu ya kuchipatala ija, kusiyana kwake mukukonze mu pulogalamu. Kutulutsa bodi kuipulumutsanso ku chinyezi cha m'makinamo, chomwe chimadya miyendo ya zipangizo kuposa kutentha.

Funso: Tili ndi thanki ya madzi ya mudzi ku Thekerani. Zipangizo zonse, Pico, batire la 18650 ndi kabodi kotchajira, tinaziyika m'bokosi lachitsulo lakuda pamwamba pa nsanja ya thanki kuopa ana. Pakutha pa miyezi isanu ndi itatu batire latupa. Kodi Pico nayonso ili pangozi?

Yankho: Akuluakulu, m'bokosi limenelo Pico ndiye wolimba kuposa onse. Bokosi lakuda lachitsulo lotsekeka, pa dzuwa la Okutobala ndi Novembala, mkati mwake mumatha kudutsa 60°C ngakhale kunja kuli 35. Pico ipirira zimenezo, koma anzake ayi. Batire la lithium ngati 18650 siliyenera kutchajidwa pa kutentha koposa 45°C, ndipo sola imalitchaja nthawi yomwe bokosi latenthetsetsa. Batire lotupalo lichotseni lero lomwe, musaliboole kapena kuliponya pamoto, likhoza kuyaka.

Achiwiri kufa adzakhala ma capacitor aja ooneka ngati timigolo. Pambali pake pamalembedwa 85°C kapena 105°C, ndipo wamba amalonjeza maola 2,000 pa kutentha kumeneko. Mukatsitsa ndi madigiri 10, moyo wake umawirikiza kawiri. Ndiye ya 85°C ikamakhala pa 65°C ili ndi maola 8,000, osakwana chaka, pomwe ya 105°C pa 65°C yomweyo ili ndi maola 32,000. Mukatsitsa bokosi kufika pa 45°C, ya 105°C ija ikupatsani maola 128,000, zaka zoposa 14. Mukuwona phindu la mthunzi pamenepa. Pogula sankhani za 105°C, mtengo susiyana kwenikweni.

Chotani bokosi pamwamba, mulimangirire kunsi kwa nsanja komwe thanki imapereka mthunzi, mulikhome ndi loko ngati nkhawa ndi ana. Lipakeni penti yoyera. Ngati silingachoke padzuwa, ikani chidutswa cha lata pamwamba pake, pakati pasiyidwe mpata wa masentimita 5 kuti mphepo izidutsa. Boolani mabowo anayi kapena asanu ndi limodzi a mamilimita 8 kunsi, ndi ena m'mbali chakumtunda pomwe mvula singalowe, kuti mpweya wotentha uzitulukira kumwamba wozizira n'kumalowera pansi. Mabowo onse muwatseke ndi kansalu ka neti ya udzudzu kapena gozi, apo ayi nyerere ndi mavu adzamangamo, ndipo nyerere zimapanga shoti ndithu. Fani musavutike nayo, imadya batire ndipo fumbi limaipha msanga.

Funso: Kwathu ndi ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri. Ine vuto langa si kutentha. M'nyengo ya chiperoni Arduino yanga yoyezera madzi m'thanki imayamba kuwerenga zabodza, ndipo mvula ya chaka chatha itagwa ndi mphenzi chipi chinayamba kuwotcha n'kufa. Sensa ili pa waya wa mamita 30. Kodi kuzizira kumaononga chipi?

Yankho: Kuzizira ayi. Ngakhale mutakwera nayo pamwamba pa phiri la Mulanje mu Juni ndi Julaye, komwe madzi amatha kuundana usiku, chipi cha -40°C sichingamve kanthu. Mdani wanu pa chiperoni ndi nkhungu. Bodi ikazizira usiku, chinyezi chimasanduka timadontho pa iyo, timadontho timeneti n'kusakanikirana ndi fumbi ndi zotsalira za soda, n'kupanga tinjira ta karenti pakati pa miyendo. Miyendo ya analog ndi yomwe imayamba kunama, kenako mumawona zobiriwira kapena zoyera ngati mchere pa soda.

Zimitsani, tsukani bodi ndi mswachi wakale woviika mu isopropyl alcohol, kapena spiriti ngati imeneyo yasowa, muyanike pamthunzi tsiku lathunthu. Ikauma pakani kunsi kwake conformal coating, vanishi wotetezera mabodi, ndipo ikasowa vanishi wosaoneka mtundu wa zikhadabo amathandiza, koma osapaka pa USB, pa batani ndi m'mabowo olowetsa mawaya. Mawaya alowere kunsi kwa bokosi, ndipo asanalowe alendewere pang'ono chapansi kuti madzi oyenda pa waya adonthere panja. M'nyengo imeneyi bodi muzingoisiya yoyaka usana ndi usiku. Kufunda pang'ono kuja komwe mnzathu wa ku Goliati amakuopa ndi komwe kumaumitsa bodi.

Za chipi chomwe chinafa, wolakwa ndi waya wa mamita 30. Mphenzi siyenera kuchita kugwera pa nyumba yanu. Ikagwa chapafupi, waya wautali amatola magetsi ngati mlongoti wa wayilesi n'kuwafikitsa pa mwendo wa chipi, n'kuyambitsa latch-up ija tafotokozera amisiri a pa Chitakale. Munapeza chikuwotcha chifukwa chinakhala chili pa shoti mpaka kupsa. Pa chatsopanochi ikani resistor ya 1k pa waya wa sensa pafupi ndi mwendo wa chipi, ndi capacitor ya 100 nF kuchoka pa mwendowo kupita ku GND ngati sensa yanu ndi ya analog kapena ndi switch yoyandama. Kumbali ya waya, resistor isanafike, ikani TVS diode ya 5V, yomwe imameza magetsi okwera mwadzidzidzi, yopita ku GND. Waya wa sensa apotedwe pamodzi ndi wa GND, chingwe cha netiweki ya makompyuta chili kale ndi mawaya opota awiriawiri ndipo chimakwanira, ndipo ndi bwino chidutse pansi m'paipi kusiyana ndi kulendewera m'mitengo. Ngati m'thanki muli switch yoyandama chabe, njira yolimba kuposa zonse ndi optocoupler ya PC817, kachipi kodutsitsa uthenga ndi kuwala, waya wautaliyo azingoyatsa ka LED ka mkati mwake kudzera pa resistor, ndi magetsi akeake osakhudzana ndi a Arduino.